Kabuleta mu Mtsuko wa Mbewu

"Iyinso yakana, bambo," anatero Raston, makaniko wa ku Benga, uku akupukutira manja pa ovolosi. "Kukamwa kwake kwakula. Tikuchita ngati tikuveka khanda nsapato za agogo ake."

A Ibrahimu sanaseke. Analanda kabuleta ija n'kuyamba kuiyesa okha pakhosi pa injini, kuitembenuzira uku, kuitembenuzira uko, ngati kuti chitsulo chimamva kunyengerera. Kanjinga kamoto kaja kanangoti phee pansi pa mtengo wa mango, kofiira, kopukutidwa bwino, kafupi kolekeza m'mawondo mwa munthu, matayala ake onenepa ngati a wilibala. Zonse zinalipo: thanki, tcheni, pulagi, mabuleki. Chosowa chinali chimodzi basi, kachitsulo kokwana m'dzanja kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya, ndipo popanda iko injini siingalire.

Rahma, mkazi wa a Ibrahimu, ankayanika chinangwa pathandala chapafupi pomwepo, msana atalozetsa kwa amunawo. Sanafunike kucheuka kuti adziwe kuti yakana. Ngakhale Raston akanabwera ndi dengu lodzaza makabuleta, onse akanakana, chifukwa kabuleta yeniyeni ya kanjingako inali m'nyumba momwemo, kuchipinda, mu mtsuko wa mbewu ya mpunga womata ndi dothi. Anaiikamo ndi Rahma yemweyo, ndi manja ake, ndipo panalibe munthu wina wodziwa.

"Za masiku ano n'zazikuluzikulu, za njinga za kabaza," Raston anapitiriza. "Kanthu kanuka kanapangidwa ine ndisanabadwe. Amene anakapanga ku Japaniko, ngati ali moyo, akuyendera ndodo. Ndayesa ya jenereta, ndayesa ya pampu ya kudimba, zonse zakana. Kwatsala ku Salima kuja basi, kwa mkulu wosunga njinga zakufa uja..."

Anadzidula yekha, koma mawu anali atatuluka kale. Raston anasonkhanitsa masipanala ake mofulumira, natsanzika chapansipansi, osadikira n'komwe tiyi amene anali pamoto. Ku Salima kumeneko n'kumene ankapita Hamza, mwana wa m'nyumbamo, tsiku limene anamwalira.

Kanjingaka a Ibrahimu anakapeza akadali mnyamata, pamene ankayang'anira mapampu a madzi m'minda ya nzimbe ku Dwangwa. Bwana wina wa kumeneko anakagulira ana ake, ndipo pobwerera kwawo anakasiyira a Ibrahimu. Anthu a kuno ku Chia anakatcha Kafupi. Koma pamene Rahma ankalowa m'banjamo n'kuti Kafupi katafa kale. Iye anakapeza kali m'chisakasa cha maukonde, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ndipo zaka zonsezo sanakaonepo kakuyenda ngakhale kumva kulira kwake.

Anadzakatulutsa ndi Hamza, mwana wawo wamwamuna yekhayo, m'nyengo yokolola mpunga. Mnyamatayo anali wa manja osakhazikika. Akachoka kokoka ukonde, m'malo mogona ngati anzake, ankakhala pansi pa mango n'kumapala dzimbiri, kuimba, kutsuka nati imodziimodzi. Matayala anakawapeza ku boma, tcheni ku Nkhunga, penti yofiira anachita kupempha kwa okhoma maboti. A Ibrahimu ankakhala pambali pampando n'kumalamula ngati kapitawo, mtima uli mbee. Bambo ndi mwana ankakangana za mabawuti mpaka chakudya kuzizira, ndipo aliyense wodutsa ankaona kuti kukanganako kunali kukoma.

Rahma yekha ndiye zinkamusowetsa mtendere. Chaka chimenecho mudzi unali utaika kale anyamata awiri a kabaza, onse a msinkhu wa Hamza, ndipo iye anakhala nawo amayi awo pasiwa n'kuona ndi maso mmene mayi amathera. Kwa a Ibrahimu sananene kanthu poona mmene ankasangalalira. Ankadandaulira mwana.

"Hamza mwanangu, ndakupempha, tazisiya zimenezi. Msewu uwu ukutha ana."

"Amayi, kameneka ndi kachidole," Hamza ankayankha akuseka. "Kakadzuka ndidzayamba kukweza inu. Ndidzakakutulani pamsika wa ku Benga ngati mkwatibwi."

"Chidole chakumwa petulo? Chilichonse cha injini n'chimodzimodzi."

Kenako linafika tsiku lomata mtsuko. Pa nkhani ya mbewu Rahma anali wachikale: anzake ankasunga m'matumba, iye ayi. Monga ankachitira mayi ake, ankasankha ngala zabwino za mpunga wa faya, kupuntha, kuyanika, kuthira mu mtsuko, kuvundikira ndi phale n'kumata ndi dothi la pachulu. Mtsuko ukamatidwa sutsegulidwanso mpaka mvula itanyowetsa dambo, ndipo mwamuna sakhudzako. Njala ivute chotani, mbewu ndi ya mayi. Tsiku limenelo Hamza anali atasiya kabuleta m'chitini cha petulo pakhonde, iye n'kuthamangira ku bwato. Rahma anayang'ana chitini, anayang'ana mtsuko uli chitsegukire, ndipo inamubwerera nzeru yooneka ngati yochokera kwa Mulungu. Anakulunga kabuleta ija m'jumbo, anaikwirira pakati pa mpunga, namata.

Ankati mwanayo afunafuna, atopa, aona mtsikana, akwatira, aiwala. Amayi amaganiza choncho, ndipo kawirikawiri zimatherodi choncho. Chimene Rahma sanachiwerengere chinali mkwiyo wa mwamuna wake.

"Munthu wandevu ngati iwe, kusiya chitsulo pabwalo, ogula zitsulo akuyendayenda m'mudzi muno?" a Ibrahimu anakalipa tsiku lomwelo. "Kanjinga aka ndakasunga zaka zonsezi osataya nati ndi imodzi yomwe. Wakagwira iwe kanthawi kochepa, wakapha."

"Wallahi baba, ndinaisiya pompa, m'chitini umu."

"Ndiye yamera miyendo? Ndiwe wosasamala, Hamza. Usandiyankhulenso za Kafupi mpaka utaipeza."

Rahma anali kukhitchini, ankamva zonse, ndipo anapitiriza kupala nsomba. Hamza atabwera kudzamufunsa ngati anaona ana akusewera pakhonde, iye anati sanaone, maso ali pa mpeni. Mumtima ankati zitha zokha.

Sizinathe. Hamza anajambula khosi la injini pa kakatoni, nakadula bwinobwino, n'kumayenda nako m'thumba. Anayesa ku Benga, ku boma, ku Dwangwa, paliponse pamene panali mulu wa zitsulo, ndipo kulikonse ankabwerako chimanjamanja. Kenako anamva za mkulu wa ku Salima uja. M'mawa wina anakwera lole yonyamula matumba a mpunga, atauza mayi ake kuti amusungire mkute. Rahma anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma anaganiza kuti ku Salimako akakalepheranso ndiye agonja, nangomuuza kuti ayende bwino. Kupitirira Benga tayala lakutsogolo linaphulika, lole inagubuduzika, matumba n'kumugwera. Anamuika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Kakatoni kaja anakapeza m'thumba la malaya ake, ndipo kuyambira pamenepo kankakhala m'thumba la mkanjo wa a Ibrahimu.

Anthu ankati Rahma akulira mwana. Ankaliradi mwana, koma pansi pa kulirako panali china chimene sakanatha kuuza ngakhale shehe. Ankalowa kuchipinda moyang'ana kumbali kuti asaone mtsuko. Anaganizapo zokaponya chitsulocho m'madzi a Chia, koma mtsuko wophwanyidwa mvula isanagwe ukanafunsitsa mafunso, ndipo kunena zoona manja ake sankalola kuyandikirako. Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, itatha, achibale atabalalika, ankayembekeza kuti Kafupi kabwerera m'chisakasa kwa nkhuku. M'malo mwake a Ibrahimu anatulutsa masipanala a mwana wawo n'kuyambira pamene iye anasiyira.

Tsopano mvula inali itagwa, yachiwiri itabwera yamphamvu, dambo lonse likununkha dothi. Tsiku lotsatira ulendo wa Raston uja, Enelesi, mnansi amene munda wake unagundana malire ndi wa Rahma, anatulukira ndi khasu paphewa, matope mpaka m'mawondo.

"Amake Hamza, kodi chaka chino mudya Kafupi? Anzanu nazale zabiriwira, inu mtsuko uli chimatire."

"Nditsegula, anzanga. Thupi ndi limene likukana."

"Ngati manja alefuka, ndipatseni mpeni nditsegule ndine. Tifese limodzi lero lomwe."

"Ayi," Rahma anayankha mofulumira kwambiri, mwakuti Enelesi anamuyang'ana kawiri. "Mtsuko amatsegula ndi amene anamata."

Enelesi anatula khasu nakhala pansi pambali pake. "Sindikukunenani ayi. Ine sindinaikepo mwana wamkulu, sindingakuphunzitseni kulira. Koma taonani amuna anu. Bwato lawo likuwola pagombe. Dzana ndinawaona ku boma akufukula mulu wa zitsulo ndi manja, anyamata a kabaza akuwaseka kuti mutu wawazungulira. Munthu uja akutha, ndipo wotsala naye ndinu."

Zoti mwamuna wake akutha, Rahma ankazidziwa kuposa Enelesi. Mkanjo wodzaza girisi uja ankachapa ndi iyeyo, ndipo mbale imene inkabwerera ndi chakudya chosakhudzidwa ankalandira ndi iyeyo.

Lachisanu a Ibrahimu atabwera kuchokera kumzikiti sanapite pansi pa mango monga mwa masiku onse. Anakhala pakhonde, namuitana.

"Amake Hamza, mundikonzere kamba. Mawa m'mawa ndikwera lole ya mpunga. Ndikupita ku Salima."

Rahma anawayang'ana. "Msewu womwewo?"

"Msewu ndi wa Allah ngati wina uliwonse."

"Bambo ake Hamza, ndaika mwana. Mukufuna ndiikenso mwamuna? Kanjingako kakadzuka, kamubweza?"

A Ibrahimu anavula kofia n'kumayang'ana mkati mwake. "Sikamubweza. Ndikudziwa, sindinazungulire mutu monga akunenera anthu. Koma mwana uja ndinamutcha wosasamala. Kuchokera tsiku limenelo sitinakhalenso pansi pa mango paja ngati kale. M'mawa umene ankapita anandipatsa salamu, ine ndinangoyankhira m'mphuno, maso ali pa ukonde. Ku Salima ndinamutuma ndine, amake Hamza, ndi pakamwa pangapa. Ndiye mundilole ndikamalize ulendo wake. Ndikaipeza, ndikalize kanjingaka kamodzi kokha kumanda kuja, amve. Zikatero mudzakapereke kwa a zitsulo ngati mukufuna."

Anapukuta maso ndi kofia ija nalowa m'nyumba. Rahma anali asanawaonepo akugwetsa misozi, ngakhale tsiku la maliro.

Apa m'pamene anazindikira kukula kwa chimene anachita. Iye ankaganiza kuti katundu wa imfa ya Hamza ausenza yekha mwakachetechete mpaka tsiku lake lomaliza, ndipo kuti chimenecho ndicho chilango chomuyenera. Sankadziwa kuti mwamuna wake akusenza katundu yemweyo, wosakhala wake. Akanena, mwina a Ibrahimu sadzamuyang'ananso kumaso, mwina amupatsa talaka ukwati n'kutha, ndipo palibe amene angawadzudzule. Akapanda kunena, mawa akwera lole kukafuna chinthu chimene chili kuchipinda kwawo. Mantha anamugwira ofanana ndi a tsiku lomata mtsuko lija, koma ulendo uno ankadziwa kumene kukhala chete kumafikitsa munthu.

Kutacha, a Ibrahimu atatha kupemphera swala ya m'mawa, anavala nsapato zawo za paulendo nakhala pakhonde kudikira kamba. Rahma anatuluka m'nyumba, koma m'malo mwa kamba anali atakumbatira mtsuko wa mbewu. Anautula pamphasa patsogolo pawo, nagwada.

"Nanga izi? Nazale mufesa ndikapita."

Rahma anatenga mpeni nagogoda dothi lija ndi chogwirira. Linang'ambika, phale linasuntha, ndipo chisanaoneke chilichonse fungo la petulo linadzaza khonde lonse. Jumbo ija inali itadontha. A Ibrahimu, munthu wokulira pa mapampu, anadzutsa mutu. Rahma anapisa dzanja mu mpunga mpaka m'chigongono, natulutsa kamtolo, nakamasula, nakaika pamphasa.

"Hamza sanaitaye," anatero. "Anaisiyadi m'chitini monga ananenera. Ndinatenga ndine. Ndinkaopa msewu."

Kumsewu lole inaliza hutala, inalizanso, kenako inamveka ikunyamuka. A Ibrahimu anatola kabuleta ija naitembenuza. Anatulutsa kakatoni ka Hamza m'thumba n'kukagunditsa pakamwa pake. Zinakwanirana ndendende.

"Ndiye munali kukhitchini ine ndikumukalipira."

"Ndinali kukhitchini."

"Munamva akulumbira."

"Ndinamva."

Rahma anadikira mbama, ngakhale a Ibrahimu anali asanamumenyepo chikwatiranire. Anadikira talaka. Chilichonse akanachilandira ndi manja awiri, chifukwa chikanapepuka kusiyana ndi mmene anamuyang'anira, ngati munthu amene akumuona koyamba. Koma iwo anangouzira mankhusu amene anamatirira pa chitsulocho.

"Anaitsuka bwino mwana uja," anatero. "Taonani mmene ikuwalira. Munthu wosasamala satsuka chonchi."

Anadzuka napita pansi pa mango, nsapato za paulendo zili kumapazi.

Rahma anakhuthula mpunga uja pamphasa. Mbewu inali itamwa petulo, inkachita mafuta m'manja, ndipo mlimi aliyense akanadziwa kuti siimera. Anakhala pomwepo akuitakasa ndi zala, akumva masipanala akugundana. Dzuwa linakwera, mthunzi wa khonde unachepa, tiyi amene anawaikira pambali anazizira osakhudzidwa. Kenako anamva a Ibrahimu akuponda kiki yolizira injini, kuponda, kupondanso. Injini inkatsokomola n'kuzima, kutsokomola n'kuzima, mpaka mwendo wa munthu wamkulu unatopa.

"Amake Hamza."

Rahma anadzidzimuka. Sankayembekeza kuti dzina limenelo alimvanso pakamwa pawo.

"Ndi kiki sikalira," anatero a Ibrahimu osamuyang'ana. "Pafunika wokankha."

M'mudzimo munali anyamata ambiri oti akanawaitana. Rahma anamanga chitenje mwamphamvu, napita kukagwira kumbuyo kwa mpando, pamene Hamza anasokapo chikopa ndi ulusi wa ukonde. A Ibrahimu anakhalapo, mkanjo ataukwinyira m'chiuno, mawondo akufika pachifuwa. Tsiku lina zikanaseketsa mudzi wonse. Analozetsa chiwongolero kunjira ya kumanda, Rahma n'kuyamba kukankha. Kanjinga kanagwedezeka, kanaphulika kamodzi, kanalavula utsi, kenako kanagwira ndi kamawu kakang'ono kosaposa ka makina osokera.

Rahma anachotsa manja, akuyembekeza kuti kauluka ngati njinga za kabaza zija. Sikanauluke. Kankangoyenda pang'onopang'ono, kakudzandira, a Ibrahimu atakapatsa moto wonse. Rahma anapezeka kuti akuyenda pambali pake osathamanga n'komwe. Bambo wina wa njinga yopalasa, atasenza thumba la makala kumbuyo, anawapitirira, napereka moni, nazimiririka kutsogolo.

"Kamathamanga chonchi basi?" Rahma anafunsa.

"Chonchi basi," a Ibrahimu anayankha, maso ali kutsogolo. "Ngakhale pamsewu wa tala, wopalasa amakasiya m'mbuyo. N'ka ana."

Anafika pa mkuyu, pamene amayi sapitirira polowera kumanda. Rahma anaima. Kafupi kanapitirira ndi mwini wake, ndipo chifukwa cha kuchedwa kwakeko kanatenga nthawi yaitali kasanabisike m'mitengo. Ngakhale katabisika, kamawu kake kankamvekabe, kenako kanakhazikika malo amodzi n'kumangolira pamenepo.

Rahma anakhala pansi mumchenga, manja akununkha petulo, nayamba kulira mokweza kwa nthawi yoyamba chimuikire mwana wake. Hamza anali atamuuza kuti ndi kachidole.